Kabuku ka Zelipa

Ulendo woyamba unali wa mu Juni.
Tinanyamuka ku Kapata tambala asanalire,
pa galimoto yobwereka kwa bwana wa pa galaja,
chitseko chakumbuyo chomanga ndi waya.
Ana anafunda chitenje chimodzi.
Pa Jumbe tinagula mbatata yootcha,
kudya pang'ono, kwambiri kuothera manja.

Pa mlatho wa Luangwa
Zelipa anatulutsa kabuku kake,
mapepala othothola m'kope la masamu,
nalemba: mvuu, 31.
Lekani anati, wanama, inayo ndi miyala.
Mwala umodzi unayasamula.

Tinabwereranso mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.
Mtsinje unali utaonda, nthiti zamchenga zili pamtunda,
tsanya yense ali mbulanda.
Madzi a m'chigubu anafunda ngati tiyi wadzulo.
Kashembe analowera pawindo
n'kusankha khosi la mayi awo.
Njati zinadutsa patsogolo pathu osatha,
fumbi lake tinalitafuna mpaka madzulo.
Mumtengo wa mvunguti munalendewera mchira wamaanga,
mayi awo okha ndiwo anauona.
Lemba nyalugwe, iwe!
Zelipa anatseka kabuku:
Ine sindilemba zongomva.

Dzinja linatichititsa manyazi.
Mu Febuluwale dziko lonse linabiriwira,
udzu kutalika kuposa galimoto,
ndipo matope akuda anatigwira matayala onse anayi
tisanafike n'komwe pageti.
Tinakagona kwa mlamu wanga Sandikonda,
kuseri kwa Masumba,
nsapato zili m'manja.

Pakati pa usiku zitini zinayamba kulira.
Mudzi wonse panja, tochi, mfuu,
utsi wa tsabola wosakaniza ndi ndowe
kutitsokomoletsa ife m'malo mwa alendowo.
Mumdima tinangomva mapesi akuthyoka
modekha, mosafulumira,
ngati munthu akudya kwawo.

Kutacha, mapazi ake anali mabeseni odzaza madzi.
Mlamu anatola chisononkho chimodzi chosakhwima,
anachitembenuza, anachiponya.
Kenaka anandifunsa osandiyang'ana:
Paja mumalipira zingati kuti muzione?
Ndinayang'ana matope a kumapazi kwanga.
Zelipa analemba: njovu, 5.
Anaima nthawi yaitali pensulo ili kukamwa,
nawonjezera pansi pake:
mizere ya chimanga yotsala, 2.

Chaka chimenecho m'galimoto simunayimbidwe pobwerera.

Masika atafika tinakweza matumba awiri
a m'munda wathu wa ku Mtenguleni,
galimoto inachita kukhala pansi pokwera mapiri.
Titatsitsa, Lekani anagwira dzanja la amalume ake:
Tiyeni nafe.
Anakana kawiri.
Kachitatu analowa m'nyumba n'kutuluka atavala jekete la kutchalitchi.
Zaka makumi asanu akumva mikango ali pamphasa,
koma geti lija anali asanalowepo.

Anakhala kutsogolo, chipewa pamaondo,
kutchula mbalame iliyonse m'Chikunda
tisanaione n'komwe.
Nyamalikiti sanamusamale.
Nswala anangoti, ndiwo izo.

Padambo lina, madzi akadali ambiri,
panali kamwana ka njovu
kosadziwa chochita ndi chitamba chake.
Kanachiviika, kanachiponda,
kanadzithira madzi m'diso,
kenaka kanagwada n'kumwa ndi pakamwa ngati mbuzi.
Mlamu anayamba ndi mapewa.
Anaseka mpaka chifuwa chinamutsamwa,
misozi ili mbwe,
akuloza ndi chipewa:
Mbala iyi! Taonani mbala yanga!
Mayi wake wa kamwanako anatiyang'ana, anakupiza makutu,
ndipo ndinabweza galimoto pang'onopang'ono.

Zelipa tsopano ali ku sekondale ku Katete,
amaimba foni akafuna sopo.
Kabuku kaja ndinakapeza dzana
m'chikwama cha makadi a kusikelo,
mapepala atafiira ndi fumbi la Mfuwe.
Nyalugwe mulibemo mpaka lero.
Tsamba lomaliza lili ndi mzere umodzi wokha,
wolemba mokhota chifukwa cha mabampu:
amalume kuseka, 1.